Dulitsani kiyi wapadera wa njinga yamoto asanatayike amene muli naye

Alimi anzanga, sabata ino tikambirane za kanthu kakang'ono kamene ambiri sitikaganizira mpaka tsiku limene kasowa. Kanthu kameneka ndi kiyi wa njinga yamoto.

Kale njinga yamoto, imene akuluakulu amaitcha mthuthuthu, tinkaiona ndi alangizi a zaulimi ndi azaumoyo pamene ankayendera midzi. Lero yasanduka ngolo ya mlimi. Imatenga feteleza ndi mbewu kumsika, imapereka zigubu za mkaka kumalo osonkhanitsira mkaka, imanyamula madengu a tomato kupita pa Lizulu kapena pa Jenda, ndipo usiku ndi yomwe imathamangira ndi wodwala kuchipatala. Alimi ena akagulitsa fodya kapena soya amagula njinga n'kuipereka kwa mnyamata kuti aziyendetsa kabaza, ndipo ndalama ya sopo ndi mchere pakhomo imachokera pomwepo.

Tiyerekeze mlimi wa ng'ombe zamkaka ku Bvumbwe. Wakama m'mamawa, wamanga zigubu panjinga, koma popisa dzanja m'thumba wapeza kuti kiyi mulibe. Adagwera kudambo dzulo pomweta udzu wa ng'ombe. Mkaka sudikira munthu. Dzuwa likakwera umasasa, ndipo ukasasa kosonkhanitsira kuja saulandira. Ngati mlimiyu ali ndi kiyi wina m'nyumba, wataya mphindi zisanu zokha. Ngati alibe, wataya mkaka wa tsikulo, mwinanso wa mawa, kuonjezera pa ndalama zolipira mmisiri. Paja tsoka silinunkha.

Dziwani mtundu wa kiyi wanu

Makiyi a njinga zamoto alipo a mitundu itatu, ndipo chochita chanu chimadalira mtundu umene muli nawo.

Mtundu woyamba ndi kiyi wamba. Ameneyu ndi chitsulo chabe chokhala ndi mano. M'kati mwa loko muli tizitsulo tating'ono tokankhidwa ndi timasipuling'i. Kiyi woyenera akalowa, mano ake amaimika tizitsulo tonseto pamzere umodzi ndipo loko amatembenuka. Njinga zambiri zimene timaziona m'misika mwathu, monga Lifan, Lifo, King Lion ndi Bajaj Boxer, komanso zakale za alangizi monga Yamaha DT 125, Yamaha AG 200 ndi Honda XL 125, zimayendera kiyi wotere.

Mtundu wachiwiri ndi kiyi wa immobiliser. Pomuona amafanana ndi kiyi wamba, koma m'mutu mwake, m'kati mwa pulasitiki, muli kachipangizo kakang'ono kosunga nambala yachinsinsi. Makiyi otere amapezeka kwambiri panjinga zikuluzikulu, monga zimene anthu amagula zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku South Africa, Japan kapena Britain.

Mtundu wachitatu ndi kiyi wosalowetsa paliponse, amene mwini amangomusunga m'thumba n'kutembenuza swichi ndi dzanja. Amapezeka panjinga zina zatsopano monga Honda PCX ndi Yamaha NMAX. Kiyi ameneyu amayendera kabatire kozungulira ngati kandalama.

Pofuna kudziwa ngati njinga yanu ili ndi immobiliser, yang'anani pamene pali mawotchi oonetsa liwiro. Mukaona kanyali kokhala ndi chithunzi cha kiyi, kapena malembo akuti HISS panjinga ya Honda, kamene kamayaka mukatembenuza kiyi n'kuzima pakapita kanthawi, dziwani kuti ilipo. Alamu yogula padera yokhala ndi rimoti, imene amakaniko amaika pa njinga za kabaza, ndi chinthu china. Kiyi wa njinga yoteroyo amakhalabe wamba.

Kudulitsa kiyi wamba

Njinga yatsopano imabwera ndi makiyi awiri kapena kuposa apo. Cholakwa chimene ambiri timachita ndi kuwasiya onse pamkombero umodzi monga adabwerera kusitolo, motero akatayika amatayikira limodzi. Tsiku lomwelo mwagula njinga, alekanitseni. Mmodzi muziyenda naye, winayo akhale kunyumba.

Ngati mwatsala ndi kiyi mmodzi, musazengereze. Odula makiyi amapezeka m'misika ndi m'masitolo a zitsulo m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso m'maboma ena. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Mmisiri amasankha kiyi wosadula wofanana ndi wanu, amamangirira onse awiri pamakina, ndipo makinawo amatsata mano a kiyi wanu uku akusema winayo. Popita kumeneko kumbukirani izi:

1. Tengani kiyi amene adabwera ndi njinga ndipo sadaperepeseke. Makina amakopera chilichonse chimene apeza, ngakhale kutha kwa mano. Kiyi wokopera kwa wokopera mnzake amanka nasiyana pang'onopang'ono ndi woyamba uja mpaka loko amamukana. Nchifukwa chake nkwanzeru kusunga kiyi wa kufakitale kunyumba n'kumayendera wodulitsa.

2. Yerekezani kiyi wosadulayo ndi wanu makina asanayambe. Kutalika, kunenepa ndiponso ngalande za m'mbali zifanane. Kiyi wa Honda salowa m'loko wa Yamaha, ndipo ngakhale njinga za kampani imodzi zimasiyana.

3. Ngati nkotheka pitani ndi njinga yomwe. Muyeseni kiyi watsopano paswichi, pokhomera chiwongolero, pachitsekero cha thanki ndi paloko wa mpando kapena wa m'mbali. Ngati ali ndi mano mbali zonse, muyeseni motembenuza. Lipirani mutakhutira.

4. Kiyi akamalimba potembenuka musamukakamize. Mbwezereni mmisiri amusalaze. Kiyi wolimba amadya loko m'kati ndipo mapeto ake amathyoka.

5. Khalani pomwepo pamene kiyi akudulidwa, ndipo werengani makiyi amene adulidwa. Musasiye kiyi ndi munthu amene akudziwa kumene njinga yanu imagona.

Nambala ya kiyi ndi chuma

Makampani monga Honda ndi Yamaha amapereka kachitsulo kapena kapulasitiki kolembedwa nambala pamodzi ndi makiyi a njinga yatsopano. Ambiri timakataya poganiza kuti nkachabe. Nambala imeneyo imafotokoza kadulidwe ka mano a kiyi wanu, ndipo wogulitsa njinga wovomerezeka kapena mmisiri wa maloko wokhala ndi makina oyenera angakudulireni kiyi watsopano ngakhale mulibe woti akopereko. Pa makiyi ena nambalayi imadindidwa pachitsulo cha kiyi penipeni.

Lembani nambalayi m'kope limene mumalembamo za ulimi wanu, pamodzi ndi nambala ya injini ndi nambala ya tchesisi. Nambala ya tchesisi imadindidwa pakhosi pa njinga, pamene chiwongolero chimalumikizana ndi thupi, ndipo panjinga zambiri za masiku ano imakhala ndi malembo ndi manambala 17. Kachitsulo ka nambala kaja kasungeni pamodzi ndi bulu buku, osati pamkombero wa kiyi woyendera.

Chenjezo kwa okonda mafoni: musajambule kiyi wanu n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp kapena Facebook. Mmisiri wodziwa angathe kudula kiyi poyang'ana chithunzi chooneka bwino.

Makiyi wamba akatayika onse

Musathamangire kukhoma sikuludiraiva m'swichi kapena kudula mawaya. Mawaya olumikiza mwachisawawa amatha batire, amatha kupsereza CDI kapena kuyambitsa moto pafupi ndi thanki ya petulo. Komanso njinga yoyenda popanda kiyi imaoneka yakuba, ndipo mudzavutika kufotokoza pamalo ochitira chipikisheni apolisi.

Njira zabwino zilipo zitatu. Yoyamba ndi kudulitsa kiyi pogwiritsa ntchito nambala ija. Yachiwiri ndi kupempha makaniko amasule loko mmodzi wosavuta, monga wa mpando kapena wa m'mbali, n'kupita naye kwa mmisiri wa maloko amene amayang'ana tizitsulo ta m'kati n'kusema kiyi wogwirizana nato. Dziwani kuti pa njinga zina maloko ang'onoang'ono amakhala ndi tizitsulo tochepa poyerekeza ndi swichi, motero mmisiri angafunebe kuona swichi kuti amalize ntchito. Yachitatu ndi kugula seti yonse yatsopano, yokhala ndi swichi, chitsekero cha thanki ndi loko wa m'mbali, pamodzi ndi makiyi ake. Pa njinga zazing'ono zochokera ku China ndi India maseti otere amapezeka m'masitolo a zipangizo za njinga, ndipo kawirikawiri iyi ndiyo njira yachangu. Pogula tengani swichi yakale kuti muyerekeze pulagi ndi kuchuluka kwa mawaya.

Ngati mukukayikira kuti kiyi sadagwe koma wina adamutenga, kudulitsa wina sikukuthandizani, pakuti wotengayo akhoza kubwera usiku. Sinthani seti yonse ndipo kadziwitseni apolisi. Popita kwa mmisiri tengani bulu buku ndi chiphaso chanu cha unzika. Mmisiri wokhulupirika amafunsa umboni woti njinga ndi yanu, ndipo musakhumudwe naye chifukwa akuteteza njinga yanu yomwe.

Kiyi akathyokera m'loko

Izi zimachitika kawirikawiri pachitsekero cha thanki, pamene fumbi ndi dzimbiri zimalimbitsa loko. Kuona maso a nkhono nkudekha. Musalowetse chidutswa chotsalacho kuti mulize njinga, chifukwa mukankhira chinzake m'kati. Musathiremo guluu poganiza kuti zidutswa zigwirana, pakuti guluuyo amamata tizitsulo ta loko ndipo loko amatheratu. Bwezerani loko pamalo pamene kiyi amatulukira, kenaka kokani chidutswacho ndi kapulayala kosongoka kapena kachidutswa kopyapyala ka sowo yodulira zitsulo. Sungani zidutswa zonse ziwiri. Mmisiri akaziphatikiza amatha kudula kiyi watsopano.

Momwe immobiliser imagwirira ntchito

Chipangizochi chidafala pofuna kuthana ndi akuba galimoto. M'chaka cha 1998 maiko a Germany ndi Britain adalamula kuti galimoto zatsopano zonse zizikhala nacho, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 opanga njinga zamoto nawo adayamba kuchiika panjinga zawo zikuluzikulu.

Kuzungulira pakamwa pa swichi pali kamkombero ka waya. Mukatembenuza kiyi, kamkomberoka kamatumiza mphamvu kwa kachipangizo ka m'mutu mwa kiyi, kotchedwa transponder. Kachipangizoka kalibe batire. Kakalandira mphamvuyo kamayankha ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo kabokosi ka kompyuta koyendetsa injini, kamene amakaniko amati ECU, kamayerekeza nambalayo ndi imene kadasunga. Zikagwirizana, kabokosiko kamalola kuti mapulagi athethetse moto ndiponso mafuta alowe. Zikasiyana, injini silira ngakhale mulumikize mawaya kapena muikankhe njingayo pamtsetse.

Apa mpamene ambiri amataya ndalama. Amadulitsa kiyi kumsika, kiyiyo akulowa bwino, akutsegula thanki, nyali zikuyaka, koma injini osalira. Amayamba kusintha mapulagi ndi batire pamene vuto lili pakiyi. Kiyi wa immobiliser amafuna ntchito ziwiri: kudula mano, ndi kumulembetsa m'kabokosi ka kompyuta kaja kuti kamuzindikire.

Honda ndi Yamaha amasiyana

Pa njinga za Honda zokhala ndi HISS, kabokosi kamasunga makiyi osapitirira anayi. Kuti kiyi watsopano alembetsedwe pamafunika kiyi mmodzi amene akugwira kale ntchito. Popita kwa wogulitsa wovomerezeka tengani njinga, makiyi onse amene muli nawo ndi kachitsulo ka nambala. Nkofunika kutenga onse chifukwa polembetsa kiyi watsopano, makiyi amene palibe amafufutika m'kabokosi. Ubwino wake ndi woti kiyi wotayika uja salizanso njinga ngakhale wina amutole. Koma makiyi onse akatayika, malangizo a Honda ndi oti kabokosi ka kompyuta kasinthidwe. Nchifukwa chake kampaniyi imalangiza kuti mukatsala ndi kiyi mmodzi mudulitse wina nthawi yomweyo.

Njinga za Yamaha zokhala ndi immobiliser zimabwera ndi makiyi atatu: awiri a mutu wakuda oyendera tsiku ndi tsiku, ndi mmodzi wa mutu wofiira. Wofiirayu ndiye mwini mudzi. Ntchito yake ndi yolembetsera makiyi ena, ndipo sayenera kuyendera. Akatayika, akuda aja amalizabe njinga, koma simungalembetse kiyi watsopano. Malangizo a Yamaha ndi oti zikatero, ndipo mukufuna kiyi wina kapena mwataya onse, zipangizo zonse za immobiliser ziyenera kusinthidwa. Njinga zina za Ducati ndi Kawasaki nazo zidabwera ndi kiyi wofiira wogwira ntchito yofanana ndi imeneyi.

Masiku ano alipo amisiri okhala ndi makina otha kukopera nambala ya kiyi wina kuika mwa wina, ndipo ena amatha kutsegula kabokosi ka kompyuta n'kulembetsamo kiyi watsopano ngakhale onse atayika. Amisiri otere amapezeka m'mizinda ikuluikulu, ndipo si njinga zonse zimene zimalola zimenezi. Njira iliyonse imene mungatsate, mtengo wake umaposa kutali wa kudulitsa kiyi wapadera pamene winayo akadalipo, ndipo njinga imakhala masabata ikudikira chipangizo chochokera kunja. Musalole makaniko wongoyeserera kuti adule mawaya a immobiliser. Kabokosi kakapsa, njinga ya ndalama zambiri imasanduka chogonera nkhuku.

Amene muli ndi kiyi wosunga m'thumba uja, sinthani kabatire kake mukaona kuti njinga ikuchedwa kumuzindikira. Njinga za Honda zotere zimabwera ndi kachikwangwani ka nambala yolizira njinga pamene kiyi watayika kapena batire latha. Nambala imeneyo ilembeni ndipo muisunge kunyumba.

Kusamala kiyi ndi loko

Kupewa kuli ndi mtengo wochepa. Tsatani malangizo awa:

1. Musamangirire kiyi wa njinga pamodzi ndi makiyi a nyumba, a nkhokwe ndi a golosale. Kulemera kwake, pamodzi ndi kugwedezeka m'misewu yathu ya mabampu, kumakulitsa pakamwa pa swichi mpaka kiyi amayamba kusolokamo njinga ikuyenda.

2. Mangirirani kansalu kowala kapena chingwe chofiira pakiyi woyendera kuti akagwa m'munda aoneke msanga. Polima kapena pothirira kudimba, kiyi akhale m'thumba lotseka.

3. Musatsegulire botolo, kukanda matope kapena kumasulira sikuluwu ndi kiyi. Kiyi wopindika kapena wong'aluka m'khosi musinthe asanathyoke.

4. Loko akamalimba musathiremo mafuta ophikira, girisi kapena oyilo wa injini, pakuti zimenezi zimagwira fumbi n'kusanduka phala. Palani mtima wakuda wa pensulo, pakani ufa wakewo pakiyi, ndipo mulowetse ndi kutulutsa kangapo.

5. Nthawi ya dzinja vundikirani swichi njinga ikaima panja.

6. Kiyi wa immobiliser musamuviike m'madzi, musamusiye pamoto kapena padzuwa loswa mtengo, musamugwetse pansi mwamphamvu, ndipo musamuike pafupi ndi maginito monga a sipika ya wailesi. Makiyi awiri a immobiliser asakhale pamkombero umodzi chifukwa amasokonezana ndipo njinga imakana kulira.

Pogula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ogulitsa njinga amachuluka m'misika chifukwa amadziwa kuti mlimi ali ndi ndalama. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musanapereke ndalama funsani kuti makiyi alipo angati, ndipo muwayese onse. Ngati kiyi wa thanki ndi wosiyana ndi wa swichi, ndiye kuti loko wina adasinthidwapo. Mwina mwini adataya kiyi, mwinanso njingayo idabedwa. Funsani chifukwa chake, ndipo yerekezani nambala ya tchesisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa mu bulu buku. Manambala ooneka opalidwa kapena odindidwa kachiwiri ndi chizindikiro choti muchokepo.

Njinga ya immobiliser yokhala ndi kiyi mmodzi, kapena Yamaha yopanda kiyi wofiira, mtengo wake uyenera kutsika, chifukwa vuto la wogulitsayo likusamukira kwa inu. Funsani kaye kwa wogulitsa wovomerezeka kuti kiyi wina angakudyereni zingati. Pakalata yogulitsirana lembani chiwerengero cha makiyi amene mwalandira, pakhale mboni, ndipo kasinthitseni umwini ku ofesi ya Road Traffic.

Njinga ya kalabu ndi ya kabaza

Makalabu a alimi ndi makopaletivi ambiri ali ndi njinga imodzi yoyendera anthu angapo. Pamenepa mikangano siichedwa. Gwirizanani pamsonkhano kuti kiyi wapadera azisunga ndani, kaya msungichuma kapena wapampando, ndipo mlembi alembe. Wotenga kiyi woyendera azisaina m'kope potenga ndi pobweza. Gwirizananinso pasadakhale kuti wotaya kiyi adzalipira motani.

Inu amene mwapereka njinga kwa mnyamata wa kabaza, mpatseni kiyi mmodzi yekha, makamaka wodulitsa. Wa kufakitale, nambala yake ndi bulu buku zikhale ndi inu. Mukasiyana ndi mnyamatayo mosagwirizana, sinthani seti ya maloko, chifukwa simungadziwe ngati adadulitsa wake. Onjezeraninso unyolo ndi loko wapadera usiku. Loko wa chiwongolero yekha sakwanira, pakuti njinga yaing'ono anthu awiri amainyamula.

Kiyi wapadera musamubise panjinga pomwepo, monga pansi pa mpando kapena m'bokosi la zipangizo. Akuba amayamba kufufuza momwemo. Musungeni m'nyumba pamalo ouma, ndipo mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba adziwe pamene ali. Tsiku lina mudzakhala kutali, wodwala ali pamphasa, ndipo woti ayendetse njinga alipo.

Choncho alimi anzanga, madzulo ano werengani makiyi a njinga yanu. Ngati mwapeza mmodzi, ulendo wotsatira wopita kutauni kukagula mbewu kapena mankhwala a ziweto, mudutsire kwa odula makiyi. Tikumanenso sabata yamawa.